Vinyo wofiira wa ku Cape: kutentha kumamveka bwanji m'tambula

Funso lachokera kwa mnyamata wa ku Malawi amene amaperekera zakudya mu lesitilanti ina ku Cape Town. Iye akuti: "Vinyo wofiira yense ndimamumva chimodzimodzi, wowawa ndi wotentha pakhosi. Makasitomala akandifunsa kusiyana kwa Pinotage ndi Shiraz ndimangowalozera pamenyu. Botolo limene ndinatengera malume anga ku Lilongwe pa Khirisimasi nalonso silinakome. Kodi lilime langa ndi lolakwika, kapena pali njira yophunzirira?"

Achimwene, lilime lanu lili bwinobwino. Kuwawa ndi kutentha pakhosi kumene mukunenako kulipodi, ndipo mwakumva molondola. Chatsala n'kudziwa kumene kukuchokera. Mbali yaikulu ya zimene zikukuvutanizi, kuphatikizapo botolo la malume lija, ndi nkhani ya kutentha: dzuwa limene linapsetsa mphesa kumunda, ndiponso kutentha kwa malo amene botolo linakhala lisanatsegulidwe. Mukamvetsa zimenezi vinyo wa ku Cape ayamba kumasiyana m'kamwa mwanu.

Ku Western Cape mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo mphesa zimapsa m'nyengo youma ndi yotentha. Kukolola kumayamba mu Januwale n'kufika mu Malichi, kwina mpaka Epulo. Ku Paarl ndi ku Swartland masiku ena a Febuluwale amapyola madigiri 35. Mphesa ikamapsa padzuwa lotere, shuga amachuluka msanga ndipo asidi, amene amaichititsa kuwawasa, amachepa. Madzi a mphesa akafululidwa yisiti amadya shuga uja n'kumusandutsa mowa. Magalamu pafupifupi 17 a shuga pa lita imodzi amapereka 1 peresenti ya ukali. Ndiye mphesa ya shuga wambiri imatulutsa vinyo waukali. Tembenuzani mabotolo a pantchito panu muone: ofiira ambiri a ku Stellenbosch, Paarl ndi Swartland alembedwa 14 kapena 14.5 peresenti, ena 15, pamene vinyo wa mphesa za mtundu wa Pinot Noir wa kumalo ozizira amakhala cha pa 13. Kutentha kumene mumakumva pakhosi mukameza ndi ukali umenewu. Dzuwa lomwelo limachititsa kuti fungo likhale la zipatso zakuda zakupsa kwambiri, nthawi zina ngati jamu, moti anthu ambiri amati vinyoyu ndi wotsekemera pomwe shuga anatha kale pofulula. Mphuno ndiyo ikumva kutsekemerako, lilime ayi.

Koma Cape sikutentha mofanana konsekonse. Madzi ozizira a m'nyanja otchedwa Benguela amadutsa kugombe la kumadzulo, ndipo mphepo yamphamvu ija yochokera kumwera chakum'mawa, imene anthu a ku Cape Town amaitcha Cape Doctor, imaziziritsa minda n'kuumitsa masamba kuti nkhungu isagwire. Munda wa pamtsetse wa phiri la Helderberg, umene umalandira mphepo ya ku False Bay, umapsetsa mphesa mochedwerapo kusiyana ndi munda wa m'chigwa cha Paarl. Elgin ndi Hemel-en-Aarde n'kozizira ndithu. N'chifukwa chake mawu akuti Wine of Origin pa botolo ndi othandiza. Dongosololi linayamba mu 1973, ndipo limafuna kuti dzina la dera likalembedwa, mphesa zonse zichokere m'deralo. Dzina la mtundu wa mphesa likalembedwa, 85 peresenti kapena kuposa ikhale ya mtundu umenewo. Dera ndi nambala ya ukali zimakuuzani zambiri musanatsegule n'komwe.

Tsopano nkhani imene imandipweteka mtima, chifukwa vinyo wabwino wochuluka amanyozedwa pachabe chifukwa cha iyo. Munamva kuti vinyo wofiira salowa mufiriji, amamwedwa pa kutentha kwa m'chipinda. Langizoli linachokera m'nyumba zamiyala za ku Ulaya, zimene m'kati mwake munkakhala madigiri 16 kapena 18. Chipinda cha ku Cape Town mu Januwale, kapena cha ku Lilongwe mu Novembala, chimafika 28 mpaka 30. Pamenepo mowa umauluka msanga m'tambula n'kuphimba fungo lina lonse. Mphuno imalasidwa, pakhosi pamayaka, vinyo amakhala wolemera ndi wotopetsa. Vinyo wa 14.5 peresenti ndiye amavutika kwambiri. Ikani botolo mufiriji kwa mphindi 20 mpaka 30, kapena m'ndowa ya madzi oundana kwa mphindi 10, mpaka mukaligwira lizimveka lozizirira koma osati ngati la fanta. Kenako thirani m'matambula awiri vinyo yemweyo, wina wozizirayo, wina amene wakhala pa shelefu, mununkhize. Ambiri amene ndimawaphunzitsa sakhulupirira kuti ndi vinyo mmodzi. Musapyoze muyezo, chifukwa akazizira kwambiri fungo limabisala ndipo m'kamwa mumauma moposa, koma vuto limeneli limatha lokha tambula ikakhala patebulo mphindi zochepa. Wotentha sabwerera m'mbuyo payekha.

Kuwawa kuja tikugawe, pakuti m'mawu amodziwo mwabisala zinthu zosiyana. Pali kuwawasa kwa asidi, kumene kumabweretsa malovu m'kamwa. Ndipo pali kuuma ndi kukhakhala kwa m'nkhama ndi palilime, kumene kumachotsa malovu. Kuumaku kumachokera ku tannin, amene amapezeka m'makungu ndi m'njere za mphesa, pang'ononso m'matabwa a migolo. Vinyo wofiira amafululidwa pamodzi ndi makungu, ndipo m'menemo ndi mmene mumachokera mtundu wake ndi tannin yemwe. Woyera amafinyidwa kaye makungu n'kutayidwa. Kuti mumudziwe tannin payekha, phikani tiyi wamasamba ambiri, mumusiye mphindi khumi, mumwe wopanda shuga ndi mkaka. Mmene nkhama zimagwirira kumlomo ndi mmenemo. Kenako thirani mkaka mumwenso, muona kuti kuuma kwachepa, chifukwa tannin wagwira mapuloteni a mu mkaka m'malo mogwira a m'malovu anu. Nyama yowotcha imagwira ntchito yomweyo, ndipo n'chifukwa chake Cabernet Sauvignon amene amakwinyitsa nkhope akamwedwa payekha amafewa pambali pa nyama ya ng'ombe.

Pa tannin funso si kuchuluka kokha. Mvetserani ngati ndi wosalala kapena wokhakhala. Kumalo otentha nthawi zina shuga amathamanga n'kusiya makungu ndi njere zisanakhwime. Mlimi amakhala pamphambano: akolole msanga apeze tannin wokhakhala ndi kafungo ka masamba aawisi, kapena adikire apeze ukali wa 15 peresenti ndi zipatso zonyala. Luso la wopanga vinyo ku Cape limaonekera kwambiri pa kusankha tsiku lokolola, ndipo inu mukamalawa mukuweruza chisankho chimenecho. Kwa ine vinyo wabwino wa dziko lotentha ndi amene zipatso zake n'zakupsa koma mukameza m'kamwa mumatsala malovu ndi chilakolako cha chakudya. Akangosiya kutentha pakhosi basi, dzuwa linamupambana wopangayo, ngakhale botolo likhale lodula motani.

Vinyo mmodzi payekha saphunzitsa zambiri. Kuphunzira kuli poyerekeza. Pemphani abwana kuti mabotolo otsegulidwa kale ogulitsa pa tambula mulaweko ntchito isanayambe, m'kamwa muli bwino, musanasute kapena kutsuka mano kumene. Ikani matambula atatu pamzere, Cinsault, Pinotage ndi Shiraz, pang'onopang'ono basi, mamililita 50 akwanira. Pendeketsani tambula pamwamba pa nsalu yoyera: Cinsault mutha kuona chala chanu kuseri kwake, Shiraz ayi. M'mphepete mukakhala mofiirira mopita ku pepo, vinyo ndi wamng'ono. Mukayamba kuoneka ngati njerwa, wakula. Timizere totsika m'mbali mwa tambula musatitengere kumtima, timangosonyeza ukali osati ubwino. Nunkhizani musanagwedeze, kenako zunguzani n'kununkhizanso pang'onopang'ono kawiri kapena katatu. Mwani pang'ono, muyendetse m'kamwa monse, mukoke kampweya pakati pa milomo, mulavule, ndipo muwerenge mumtima kuti kukoma kukhala masekondi angati. Kukazimirira pomwepo ndi vinyo wamba. Kukakhalitsa n'kumasintha, mwagwira wabwino.

Pa fungo ndi pamene ana a kwathu ambiri amagwa ulesi, chifukwa mabuku amatchula zipatso za ku Ulaya zimene sitinazidyepo. Musaloweze mawu a fungo limene simulidziwa. Mphuno yanu ili ndi nkhokwe yake. Mabulosi akupsa mumawadziwa, ndipo amamveka bwino mu Pinotage wambiri. Kuwawasa kofiira kwa chidede mukupeza mu Cinsault. Nthudza yakupsa, ndi kuuma kwake kuja kumapeto, ili pafupi kwambiri ndi vinyo wofiira wamng'ono. Masawu ouma, bwemba, fodya wouma m'chigafa, utsi wa nkhuni, fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa: zonsezi zimapezeka m'matambula amenewa. Lembani m'kabuku kanu m'Chichewa zimene mwamvadi. Pambuyo pake mudzaphunzira mawu amene kasitomala wa ku London amayembekezera, ndipo adzakhazikika msanga chifukwa adzakhala ndi pogwira. Dziwaninso kuti mphuno za anthu zimasiyana mwachibadwa. Kafungo ka tsabola wakuda ka mu Shiraz kamachokera ku chinthu china cha m'mphesa chotchedwa rotundone, ndipo pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu sakamva n'komwe. Kamachulukanso m'minda yozizirirapo kusiyana ndi yotentha kwambiri. Mnzanu akamva tsabola inu osamva, si umbuli.

Pinotage ndiye amene alendo adzakufunsani kawirikawiri, chifukwa anabadwira komweko ku Cape. Abraham Izak Perold, pulofesa woyamba wa ulimi wa mphesa pa yunivesite ya Stellenbosch, anakwatitsa Pinot Noir ndi Cinsault, n'kubzala njere zinayi mu 1925. Pinot Noir amakoma koma sapirira kutentha. Cinsault amapirira dzuwa ndipo amabereka kwambiri. Vinyo woyamba wa mbewu yatsopanoyi anapangidwa ku sukulu ya zaulimi ya Elsenburg mu 1941, ndipo dzinali linayamba kuoneka pa botolo mu 1961, pa vinyo wa Lanzerac wa mphesa za 1959. Mbiri yake yakhala ya mikangano. Akapangidwa mosasamala amatulutsa fungo la nthochi ndi la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, nthawi zina ngati matayala opsa, ndipo alendo ena amene anakumana ndi woteroyo kale amamukana mpaka lero. Koma mu 1991 Beyers Truter, amene ankapanga vinyo ku Kanonkop pamtsetse wa phiri la Simonsberg, anasankhidwa kukhala wopanga vinyo wopambana wa chaka pa mpikisano wa International Wine and Spirit Competition ku London, ndipo Pinotage wake ndi amene anamufikitsa pamenepo. Pinotage wa mtundu umenewo amakhala wakuda, wa mabulosi ndi kautsi pang'ono, wa tannin wolimba, ndipo amatha kusungidwa zaka khumi kapena kuposa. Palinso wina wonunkhira khofi ndi chokoleti, amene anatchuka ndi famu ya Diemersfontein kuyambira 2001. Mulibe khofi mmenemo. Fungolo limachokera ku matabwa a mtengo wa oak owauka kwambiri. Amakondedwa ndi anthu ambiri ongoyamba kumwa vinyo ndipo sindimamunyoza, koma musaphunzirire pa iye kukoma kwa mphesayi, chifukwa matabwa amaiphimba.

Matabwa muwaphunzire pawokha. Migolo ya oak ya malita 225 kapena 300 ikakhala yatsopano imapereka fungo la vanila, zonunkhiritsa zophikira ndi buledi wowauka. Yakale imangolowetsa mpweya pang'onopang'ono n'kufewetsa vinyo. Muzidzifunsa nthawi zonse kuti ichi ndachimva ndi cha mphesa kapena cha mgolo.

Shiraz ndi Syrah ndi mphesa imodzi. Opanga ambiri amalemba Shiraz akapanga vinyo wonenepa, wakupsa, wamatabwa, ndipo amalemba Syrah akafuna kusonyeza kuti ndi wopepukirapo ndi wonunkhira, ngakhale palibe lamulo lowakakamiza. Kuti muone kuti dziko lotentha silikakamiza vinyo wolemera, lawani wa ku Swartland, dera la tirigu lozungulira Malmesbury ndi Riebeek-Kasteel. Kumeneko mipesa yambiri yakale imamera ngati zitsamba, yopanda mawaya, yosathiriridwa. Masamba amaphimba zipatso kudzuwa, mizu imalowa pansi kufuna chinyontho, ndipo zipatso zimakhala zochepa. Wopanga vinyo Eben Sadie anatulutsa koyamba vinyo wake wotchedwa Columella ndi mphesa za 2000, ndipo m'zaka zotsatira alimi achinyamata ngati a Mullineux ndi Adi Badenhorst anayamba kukolola mofulumirirapo ndi kuchepetsa migolo yatsopano. Zotsatira zake ndi vinyo wa dera lotentha kwambiri amene amakhalabe ndi moyo m'kamwa. Iwo omwe ndi amene anathandiza kubwezera ulemu kwa Cinsault, mphesa imene kwa zaka zambiri inkangothiridwa mu vinyo wotchipa. Mukaona chidindo cha Certified Heritage Vineyards, mipesayo ili ndi zaka 35 kapena kuposa. Cinsault mumuziziritse moposa enawo, cha pa madigiri 13 kapena 14, ndipo ndi amene ndingamupatse munthu wonena kuti vinyo wofiira amamulemera.

Cabernet Sauvignon wa ku Stellenbosch ndi wa tannin wochuluka kuposa onsewa. Akakhala wamng'ono muthireni mu jagi yagalasi akhale ola limodzi alandire mpweya. Kungochotsa chitsekero sikuthandiza kwenikweni, khosi la botolo n'lopapatiza.

Za botolo la malume. Vinyo amafuna kukhala pamalo ozizirira, cha pa madigiri 12 mpaka 15, amdima, osasinthasintha. Botolo loyenda pa basi mu Disembala kuchokera ku Cape Town, kudutsa Johannesburg, Beitbridge ndi Tete mpaka pa Mwanza, limakhala masiku angapo m'malo a katundu otentha koopsa, ndipo Tete ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri m'chigawo chathu chino. Vinyo amafufuma ndi kutentha n'kukankha chitsekero, mpweya umalowa, ndipo amapsa: fungo la zipatso limasanduka la zophikidwa ndi zonyala, mtundu umapita ku bulauni, kukoma kumafa. Zizindikiro zake ndi chitsekero chotukuka ndi timadontho tomata pakhosi pa botolo. Akafika n'kuikidwanso pa kabati pabalaza la malata kudikira tsiku la phwando, n'kumwedwa ali wofunda masana, palibe chimene chingatsale. Ulendo wina likulungeni m'zovala pakati pa chikwama, musankhe la chitsekero chopotokola, likafika likhale pansi m'chipinda chozizira kwambiri m'nyumbamo, ndipo lilowe mufiriji kapena mumtsuko wa madzi lisanatsegulidwe. Pogula m'sitolo za kwathu, pewani botolo limene lakhala pawindo kapena lafumbi pa shelefu ya pamwamba. Lotsegulidwa litsekeni n'kuliika mufiriji, likhala bwino masiku awiri kapena atatu.

Pantchito mudzakumananso ndi vuto lina losakhudzana ndi kutentha: vinyo wonunkha ngati katoni yonyowa kapena chipinda cha nkhungu, wopanda fungo la zipatso. Zimachokera ku chitsekero chodwala. Kasitomala akapatsidwa kadontho koyamba kuti alawe, akufufuza zimenezi, osati ngati vinyoyo wamukonda. Mukalimva kamodzi fungoli simudzaliiwalanso, choncho botolo lotere likabwezedwa pemphani mulinunkhize lisanatayidwe.

Pa chakudya, mchere ndi mafuta zimagwirizana ndi vinyo ameneyu, tsabola wowawa ayi. Kambuzi kapena piripiri amawonjezera moto wa ukali, ndiye wodya nkhuku ya tsabola wambiri mumupatse Cinsault wozizira osati Shiraz wa 15 peresenti. Nyama ya mbuzi yowotcha, nkhosa, boerewors ndi mchira wa ng'ombe wophika nthawi yaitali zimayenda bwino ndi Pinotage ndi Shiraz. Chambo chowotcha chimafuna woyera, chifukwa tannin wochuluka amasiya kukoma kwa chitsulo akakumana ndi nsomba.

Ndanena kuti muzilavula, ndipo ndikubwereza chifukwa ndi nkhani ya moyo wanu. Botolo la mamililita 750 la 14 peresenti lili ndi mamililita 105 a mowa weniweni, pafupifupi mabotolo asanu ndi limodzi a mowa wa 5 peresenti a mamililita 340. Olawa vinyo mwaukatswiri amalavula, apo ayi pofika tambula yachisanu lilime silimvanso kanthu. Dziko limene mukugwiramo ntchito likudziwa bwino mtengo wa mowa. Kuyambira pamene vinyo woyamba anafinyidwa ku Cape pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa Adatchi kumeneko, minda inakula ndi thukuta la akapolo, ena otengedwa ku Mozambique ndi Madagascar. Ukapolo utatha panatsala chizolowezi cholipira antchito mbali ya malipiro awo ndi vinyo, chotchedwa dop, chimene chinaletsedwa mu 1960 koma chinapitirira m'mafamu ena kwa zaka zambiri. Mpaka pano madera ena a Western Cape ali m'gulu la malo amene ana ambiri padziko lonse amabadwa ovulazidwa ndi mowa umene amayi awo anamwa ali oyembekezera. Munthu wogulitsa vinyo ayenera kuzidziwa izi monga mmene amadziwira mayina a mphesa, ndipo asamakakamize tambula ina kwa amene wati zakwana.

Njira yopitira patsogolo ilipo. Cape Wine Academy ndi maphunziro a WSET, bungwe lophunzitsa za vinyo, ali ndi makalasi a oyamba kumene, ndipo malesitilanti ena amathandiza antchito awo kulipira, choncho funsani abwana. Mafamu a ku Constantia, Durbanville ndi Stellenbosch ali pafupi nanu, ndipo mukapita tsiku lopuma mu Febuluwale mutha kupempha kulawa mphesa yeniyeniyo, kutafuna khungu ndi njere, kuti tannin mumumve kumene amachokera. Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Pardon Taguzu ndi Marlvin Gwese, anyamata a ku Zimbabwe amene anaphunzira vinyo akugwira ntchito m'malesitilanti a ku Cape, anakaimira dziko lawo ku France mu 2017 pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo. Nawonso sanakulire m'minda ya mphesa.

Kasitomala wa mawa akakufunsani kusiyana kwa Pinotage ndi Shiraz, yambani ndi kumufunsa chimene akudya ndiponso ngati amakonda vinyo wolemera kapena wopepuka. Kenako muuzeni zimene inuyo munamva polawa mabotolo a pamenyu yanuyo: Pinotage ndi wa mabulosi ndi kautsi, amauma pang'ono kumapeto, ndi wobadwira kuno, Shiraz ndi wakuda, wa tsabola, wotentherapo. Akasankha, gwirani botolo ndi dzanja musanapite nalo patebulo, ndipo likakhala lofunda pemphani ndowa ya madzi oundana.